Nkhomaliro M'munda wa Mphesa: Ulendo wa ku Stellenbosch ndi Franschhoek

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Takulandirani ku pulogalamu yathu ya maphunziro, momwe timayendera limodzi malo osiyanasiyana kuti tione mmene anzathu amalimira, amagwirira ntchito ndi mmene amalandirira alendo. Lero tikupita ku South Africa, m'chigawo cha Western Cape, kumene kuli minda ya mphesa yotchuka kuposa ina iliyonse mu Africa muno. Kumeneko alendo ali ndi chizolowezi chimodzi chimene sachiphonya. Amayendera minda ya mphesa kum'mawa, amaona mmene vinyo amapangidwira, ndipo dzuwa likafika paliwombo amakhala pansi n'kudya nkhomaliro pamunda pomwepo.

Mwina wina akufunsa kuti, "Nanga ife zimenezi zikutikhudza pati?" Zikutikhudza ndithu. Abale athu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe akukhala ku Cape Town ndi m'matauni ozungulira, ndipo ena mwa iwo ndi amene amaphika, kuperekera zakudya ndi kusamalira maluwa m'malo amenewa. Ena mwa inu mudzapitako kokacheza, ena kusukulu, ena kuntchito. Mfundo yanga lero ndi imodzi. Mbale ndi tambula zimene zimafika patebulo m'munda wa mphesa zili ndi mbiri yake, zili ndi anthu amene anazikhetsera thukuta, ndipo mlendo wabwino amadya akudziwa zimenezi.

Ndinenetse poyambirira pomwe pano kuti vinyo ndi mowa. Si wa ana osakwana zaka 18, si wa mayi woyembekezera, si wa munthu amene akuyendetsa galimoto. Ambiri mwa inu simumwa, ena chifukwa cha chipembedzo, ena chifukwa cha thanzi, ena mwa kufuna kwanu. Musatseke wailesi. Patebulo limene tikupitali malo anu alipo, ndipo ndikusonyezani.

[NYIMBO MWACHIDULE]

WOULUTSA: Tiyambe ndi dziko lenilenilo. Mukachoka ku Cape Town kulowera kum'mawa, mutayenda makilomita pafupifupi 50, mumafika m'tauni ya Stellenbosch. Mukapitirira pang'ono mumalowa m'chigwa cha Franschhoek, chimene chazunguliridwa ndi mapiri mbali zitatu. Kumpoto kwake kuli tauni ya Paarl. M'mphepete mwa mapiri monga Simonsberg ndi Helderberg mumaona mizere ya mipesa yowongoka, ikukwera chitunda mpaka pamene miyala yayambira.

N'chifukwa chiyani mphesa zimachita bwino kumeneku? Yankho lagona pa mvula. Kwathu kuno mvula imagwa nthawi yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo. Ku Cape n'zosiyana. Mvula yambiri imagwa nthawi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mipesa yayoyola masamba ndipo ikupuma. Nthawi yotentha kumakhala kouma. Mphesa sizifuna kunyowa zikamapsa, chifukwa chinyezi chimabweretsa matenda ndipo zipatso zimaolera mumtengo. Kulinso mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene eni dziko amaitcha Cape Doctor, yomwe imaumitsa masamba ndi kuchepetsa matenda. Madzi ozizira a m'nyanja ya Atlantic, obwera ndi mkokomo wa Benguela, amaziziritsa mpweya, kotero kuti mphesa zimapsa pang'onopang'ono, kutsekemera ndi kuwawasa kwake n'kukhala kolingana. Kukolola kumayamba cha kumapeto kwa Januwale n'kufika mu Epulo. Pamene mlimi wa kwathu akupalira chimanga m'matope, mnzake wa ku Stellenbosch akuthyola mphesa padzuwa la phwee.

Mipesa imeneyi sinamere yokha. M'chaka cha 1652, kampani ya malonda ya Adatchi inatumiza Jan van Riebeeck kuti akakhazikitse malo opumirapo sitima zopita ku Asia, pamene amalinyero akanapeza madzi, nyama ndi ndiwo zamasamba. Mu 1655 anabzala mipesa yoyamba, ndipo pa 2 Febuluwale 1659 anafinya vinyo woyamba wa ku Cape. Mu 1679 kunabwera mtsogoleri watsopano wa malowa, Simon van der Stel, amene anakhazikitsa Stellenbosch chaka chomwecho, ndipo mu 1685 anatsegula munda wake wa Constantia. Vinyo wotsekemera wa ku Constantia anadzatchuka mpaka m'nyumba za mafumu a ku Ulaya, ndipo Napoleon ankamwa vinyo ameneyu ali mu ukaidi pachilumba cha St Helena. Mu 1688 kunafika othawa kwawo ochokera ku France, otchedwa Huguenot, amene ankazunzidwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo mfumu Louis XIV itachotsa lamulo lowateteza. Anapatsidwa malo m'chigwa cha Franschhoek, ndipo mpaka lero minda ya kumeneko ili ndi mayina achifalansa monga La Motte ndi Cabrière.

Mbiri imeneyi mudzaipeza yolembedwa pa mabotolo ndi pa zikwangwani. Koma pali mbali ina imene mlendo ayenera kuifunsa. Malo amene mipesa inabzalidwa anali odyetserako ng'ombe ndi nkhosa a anthu a mtundu wa Khoekhoe, amene analandidwa dziko lawo. Ndipo amene anakumba nthaka, kubzala, kudulira, kukolola ndi kuponda mphesa anali akapolo. Magulu oyamba aakulu a akapolo anafika mu 1658, ndipo kwa zaka pafupifupi 150 anthu ankagwidwa ku Madagascar, ku India, kuzilumba za Indonesia ndi kugombe la Mozambique n'kukagulitsidwa ku Cape. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, koma anthuwo anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838. Mukafika pa minda yakale mudzaona nyumba zoyera mbee, zofolera ndi udzu, zokhala ndi khoma lakutsogolo lokongoletsedwa mwaluso. Ambiri mwa amisiri amene anazimanga anali akapolo. Pafupi ndi nyumbazo nthawi zambiri pamakhala zipilala ziwiri zoyera, pakati pake patapachikidwa belu. Alendo amakonda kujambulitsa pamenepo. Belu limenelo ndi limene linkadzutsa akapolo m'bandakucha ndi kuwauza nthawi yoweruka. Mukaima pamenepo, imani mwaulemu.

[NYIMBO]

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, lero tili m'minda ya mphesa ya ku Western Cape, ku South Africa, ndipo tsopano tikulowa pachipata.

Tisanafike patebulo, wotilondolera amatitengera kaye m'munda. Alimi amene mukundimvera, mvetserani apa. Mpesa umatenga zaka pafupifupi zitatu kuti uyambe kubereka zipatso zoti n'kukolola. Mukayang'ana patsinde, pafupi ndi nthaka, mudzaona mfundo. Pamenepo ndi pamene anamezanitsa. Mu 1886 ku Cape kunabuka kachilombo kotchedwa phylloxera, kamene kamadya mizu ya mpesa, ndipo kanawononga minda yambirimbiri monga kanachitiranso ku Ulaya. Mankhwala analephera. Chimene chinapulumutsa ulimiwu ndi kumezanitsa. Mizu ya mipesa ya ku America imapirira kachilomboka, choncho alimi anayamba kulumikiza nthambi za mphesa zabwino za ku Ulaya pa tsinde la mipesa ya ku America. Ndi luso lomwelo limene alangizi athu amaphunzitsa pa mango ndi malalanje, ndipo mpaka lero pafupifupi mpesa uliwonse kumeneko ndi womezanitsa.

Nthawi yokolola, antchito amalowa m'munda kusanache bwino, kuti mphesa zifike kofinyira zikadali zozizira. Amadula phava limodzilimodzi ndi sizasi, kuika m'makreti, n'kunyamula. Kuti botolo limodzi la mamililita 750 lidzaze, pamafunika mphesa zopitirira kilogalamu imodzi.

Kuchoka m'munda timalowa m'nyumba yopangira vinyo. Muli mozizira, ndipo mukununkhira zipatso zosasa. Mphesa zikaphwanyidwa, madzi ake amakhala ndi shuga wambiri. Tizamoyo ting'onoting'ono totchedwa yisiti, tomwe timafufumitsanso buledi, timadya shugayo n'kutulutsa mowa ndi mpweya. Amene munaonapo thobwa litagona masiku angapo n'kuyamba kuchita thovu ndi kusasa, mwaona kale ntchito yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti pano wopanga vinyo amayeza kutentha ndi shuga tsiku ndi tsiku, kuti kuwirako kusathamange kapena kuima panjira.

Ambiri amadabwa akamva kuti madzi a mphesa zambiri zakuda nawonso ndi oyera. Kufiira kwa vinyo kumachokera ku makoko. Popanga vinyo woyera amafinya madzi n'kuchotsa makoko msanga. Popanga wofiira amasiya madzi ndi makoko ziwirire limodzi kwa masiku angapo kapena masabata. Makoko akangokhalamo maola ochepa, pamatuluka vinyo wofiirira pang'ono wotchedwa rosé. M'makoko ndi m'njere muli chinthu chotchedwa tannin, chimene chimapezekanso m'masamba a tiyi, ndipo n'chimene chimaumitsa m'kamwa munthu akamwa vinyo wofiira. Akatha kuwira, vinyo wina amasungidwa m'matanki achitsulo, wina m'migolo ya mtengo wa oak. Mgolo wodziwika kwambiri umalowa malita 225, ndiye kuti mabotolo 300, ndipo vinyo akhoza kukhalamo chaka chathunthu kapena kupitirira, akutenga fungo la mtengowo ndi kufewa pang'onopang'ono.

Tikatuluka mmenemo timafika polawa. Apa mlendo wofika koyamba amachita manyazi, koma palibe chochititsa manyazi. Wolawitsa amathira pang'ono chabe m'tambula, kawirikawiri mitundu isanu kapena kuchepera apo, kuyambira woyera kupita ku wofiira, wotsekemera kumapeto. Mumayang'ana mtundu wake, mumazunguza tambula pang'ono kuti fungo lituluke, mumanunkhiza, kenako mumalawa. Patebulo pamakhala chotengera cholavuliramo. Kulavula si mwano kumeneko. Akatswiri onse amalavula, chifukwa cholinga ndi kulawa, osati kuledzera. Ngati simukumvetsa chimene akunena, funsani. Safunsa anadya phula.

Mayina awiri muwasunge. Loyamba ndi Chenin Blanc, mphesa yoyera imene inachokera ku France, koma lero South Africa ili ndi minda yake yambiri kuposa France yomweyo. Lachiwiri ndi Pinotage, mphesa yakuda yobadwira ku Stellenbosch komweko. Mu 1925, Abraham Izak Perold, mphunzitsi woyamba wa za ulimi wa mphesa pa yunivesite ya Stellenbosch, anakwatitsa mitundu iwiri, Pinot Noir ndi Cinsaut, n'kupeza mtundu watsopano. Zinatenga zaka zoposa 30 kuti dzina limeneli lilembedwe pa botolo logulitsa, pansi pa dzina la Lanzerac, mu 1961. Ntchito ya katswiri wa mbewu imafuna mtima wodikira.

[NYIMBO MWACHIDULE]

WOULUTSA: Tsopano nthawi yakwana, njala yatigwira, tiyeni kutebulo.

Nkhomaliro ya m'munda wa mphesa imabwera m'njira zitatu. Njira yoyamba ndi ya dengu. Pa munda wa Boschendal, umene unayamba mu 1685, alendo amalandira dengu lodzaza ndi buledi, tchizi, nyama yozizira, masaladi ndi zipatso, n'kukadyera pa kapinga pansi pa mitengo. Imeneyi ndi yabwino kwa banja lokhala ndi ana, chifukwa ana amathamanga momasuka. Njira yachiwiri ndi ya thabwa la zolawalawa. Pa Fairview, pafupi ndi Paarl, amaweta mbuzi zimene zimakwera kansanja kozungulira, ndipo malowa ndi otchuka ndi tchizi chimene alendo amalawa pamodzi ndi vinyo. Njira yachitatu ndi lesitilanti yeniyeni. Pa Babylonstoren, munda wa m'chaka cha 1692, pali dimba lalikulu la zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo zambiri zimene zimafika m'mbale ku lesitilanti yawo ya Babel zimathyoledwa m'dimba lomwelo. Mitengo imasiyana kwambiri, choncho funsani mtengo musanakhale pansi.

Nanga m'mbalemo muli chiyani? Chakudya chimodzi chimene muyenera kuchidziwa ndi bobotie. Ndi nyama yogaya, yophikidwa ndi anyezi, kale, zipatso zouma ndi buledi wonyikidwa mumkaka, pamwamba pake atathirapo mazira osakaniza ndi mkaka, n'kuiwotcha mu uvuni mpaka itachita chikasu. Amadyera mpunga wachikasu wokhala ndi mphesa zouma. Pali nsomba ya m'nyanja yotchedwa snoek, yaitali ndi yaminga yambiri, imene amaiwotcha pamakala atapaka jamu wa maapurikoti. Pali nyama ya nkhosa ya ku Karoo, dera louma kumene nkhosa zimadya zitsamba zonunkhira zimene zimamveka m'nyama yake. Nthawi yozizira amaphika waterblommetjiebredie, nyama ya nkhosa yophikidwa ndi maluwa omera m'madamu ndi m'madambo a ku Cape. Nthawi yokolola amaphika mabanzi otchedwa mosbolletjies, amene mwamwambo amafufumitsidwa ndi madzi a mphesa oyamba kuwira. Pomaliza pamabwera malva pudding, keke yofewa yotentha yonyikidwa mu msuzi wa kirimu ndi shuga.

Woperekera zakudya angakufunseni vinyo amene mukufuna kudyera chakudya chanu. Pali chifukwa chake. Vinyo woyera wowawasa pang'ono, monga Chenin Blanc, amatsuka mafuta m'kamwa, n'chifukwa chake amayenda bwino ndi nsomba yowotcha. Tannin wa m'vinyo wofiira amafewa akakumana ndi nyama yonona, n'chifukwa chake Pinotage kapena Cabernet Sauvignon amaperekedwa ndi nkhosa kapena ng'ombe. Chakudya cha tsabola ndi zokometsera zambiri chimafuna vinyo wopepuka wonunkhira zipatso, chifukwa vinyo waukali amawonjezera kuwawa. Awa ndi malangizo chabe, si malamulo a boma.

Tsopano inu amene simumwa. Zakudya zonunkhira zimene Cape imanyadira, monga bobotie, zinakhwima m'manja mwa ophika a mtundu umene lero umatchedwa Cape Malay, zidzukulu za akapolo ndi andende ochokera kum'mawa. Ambiri mwa iwo anali Asilamu, osamwa mowa. Ndiye kuti zokoma zambiri za patebulo limeneli zinachokera kwa anthu amene sankakhudza n'komwe tambula ya vinyo. Minda yambiri imagulitsa madzi a mphesa osawira, ena athovu, ndipo tiyi wa rooibos, amene amalimidwa kumapiri a Cederberg m'chigawo chomwechi, amapezeka paliponse. Nenani momasuka kuti, "Ine sindimwa, ndipatseni madzi a mphesa." Palibe amene adzakudabweni.

Ndipo musathamange. Nkhomaliro yotere imatenga maola awiri kapena kupitirira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa tsiku limodzi minda iwiri kapena itatu ndi yokwanira. Amene amathamangira minda isanu ndi umodzi amabwerera kunyumba mutu ukuwawa, osakumbuka chimene analawa.

[NYIMBO]

WOULUTSA: Omvera athu, tafika pa gawo limene ndikufuna kuti tilimvetsetse bwino. Mukakhala patebulo n'kuyang'ana kutsidya kwa kapinga, mudzaona anthu ovala maovolosi ali pakati pa mizere ya mipesa. Tikambe za iwo.

Ukapolo utatha, pa minda yambiri panatsala chizolowezi choipa chotchedwa dop system. Antchito ankalipidwa gawo la malipiro awo ndi vinyo wotchipa, woperekedwa kangapo patsiku. Mwini munda ankapindula kawiri. Ankachotsa vinyo amene sakanagulitsa, ndipo ankamangirira wantchito pamundapo ndi chingwe cha uchidakwa. Lamulo linaletsa zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma mu ulamuliro wa tsankho panalibe wolikakamiza, ndipo m'malo ena zinapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990. Chizolowezicho chinatha, koma mabala ake akadalipo. Madera ena a kumidzi ku Western Cape ndi Northern Cape ali m'gulu la malo amene padziko lonse ana ambiri amabadwa ubongo utavulala kale chifukwa mayi ankamwa ali woyembekezera. Mwana wotere amakula movutikira, amavutika kusukulu, ndipo vutoli silichira. Koma limapeweka kotheratu. Amayi amene muli ndi pakati, kaya ndi vinyo, kaya masese, kaya kachasu, musalawe ngakhale pang'ono. Abambo, apongozi ndi anansi, athandizeni pa zimenezi, musawaseke kapena kuwakakamiza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Antchito a m'minda sanangokhala chete. Mu Novembala 2012, ku De Doorns m'chigwa cha Hex River, kumene amalima mphesa zodya, antchito ananyanyala ntchito, ndipo sitalaka inafalikira m'matauni ena a m'chigawocho. Pa nthawiyo malipiro otsikitsitsa anali marandi 69 patsiku. Mu Malichi 2013 boma linawakweza kufika marandi 105. Mavuto sanathere pomwepo. Ambiri amalembedwa ntchito nthawi yokolola yokha, makamaka amayi, ndipo nkhani ya nyumba ndi kuthamangitsidwa pa minda ikadali yowawa.

Pali zina zimene zikusintha. Mu 2002 kunakhazikitsidwa bungwe la WIETA, limene limayendera minda kuona mmene antchito akusamalidwira, ndipo minda ina imagulitsa vinyo wokhala ndi chizindikiro cha Fairtrade. Palinso anthu akuda amene lero ndi eni vinyo. Ntsiki Biyela anakulira kumudzi ku Mahlabathini, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, kutali ndi mipesa. Anapeza mwayi wa maphunziro pa yunivesite ya Stellenbosch, ndipo mu 2004 anayamba ntchito pa kampani ya vinyo ya Stellekaya, n'kukhala mayi woyamba wachikuda kupanga vinyo mwaukatswiri m'dziko la South Africa. Pambuyo pake anatsegula kampani yakeyake, Aslina, imene anaipatsa dzina la agogo ake aakazi amene anamulera. Atsikana amene mukuphunzira sayansi ndi zaulimi, nkhani ya mayi ameneyu ndi yanu.

Nanga mlendo achite chiyani? Choyamba, afunse. Funsani wolawitsa kuti, "Kodi antchito a pano amakhala kuti? Ana awo amaphunzira kuti? Kodi ali ndi gawo pa phindu la mundawu?" Munda umene umasamalira anthu ake umayankha mosangalala. Alendo akamafunsa kawirikawiri, eni minda amadziwa kuti nkhaniyi ikuonedwa. Chachiwiri, alemekeze womutumikira. Ku South Africa ndi mwambo kuwonjezera ndalama yothokoza pa bilu, kuyambira 10 pa 100 iliyonse kupita m'mwamba, ndipo operekera zakudya ambiri amadalira ndalama imeneyi kuti alipire lendi ndi kutumiza kangachepe kumudzi. Mukamva kalankhulidwe kakwathu, musachite ngati simunamve. Perekani moni: "Muli bwanji achimwene? Kumudzi ndi kuti?" kapena "Zikomo achemwali, chakudya chinakoma." Koma kumbukirani kuti ali pantchito, ndipo chibale si chifukwa chochepetsera ndalama yothokoza kapena kupempha zaulere. Chachitatu, musajambule antchito m'munda musanawapemphe, ndipo musathyole mphesa popanda chilolezo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

[NYIMBO MWACHIDULE]

WOULUTSA: Mawu ochepa okhudza kayendedwe. Miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale alendo amachuluka, choncho sungitsani malo pasadakhale. Tengani chipewa, ndipo imwani madzi ambiri, chifukwa kumatentha. Nkhani yaikulu ndi ya galimoto. Lamulo la South Africa limaletsa munthu kuyendetsa galimoto akakhala ndi mowa wofika magalamu 0.05 pa mamililita 100 a magazi, ndipo munthu amafika pamenepo msanga kuposa mmene amaganizira, chifukwa vinyo wambiri amakhala ndi mowa wa pakati pa 12 ndi 15 pa 100 iliyonse, kuposa kawiri mowa wa m'botolo umene ambiri anazolowera. Sankhani mmodzi amene salawa n'komwe tsiku limenelo, kapena chitani hayala galimoto yokhala ndi dalaivala. Ku Franschhoek kuli sitima yaing'ono ya alendo, Wine Tram, imene inayamba mu 2012 pa njanji yakale ya 1904, ndipo pamodzi ndi mabasi ake imatula ndi kunyamula anthu pa minda yosiyanasiyana.

Tisanatseke, alimi ndi amalonda, tengani ichi. Chizolowezi chodyera pamunda si chakalekale. Kwa zaka zambiri alimi ambiri a mphesa ankangopereka zokolola zawo ku makampani ndi mabungwe akuluakulu monga KWV, imene inayamba mu 1918, ndipo wogula sankadziwa n'komwe munda umene vinyo wake wachokera. Mu 1971 alimi atatu, Frans Malan wa ku Simonsig, Niel Joubert wa ku Spier ndi Spatz Sperling wa ku Delheim, anagwirizana kutsegula zipata zawo, kuika zikwangwani m'misewu ndi kuitana anthu kuti abwere adzalawe ndi kugula pamunda. Umo ndi mmene njira ya vinyo ya Stellenbosch inayambira, yoyamba m'dziko lonselo. Mlendo akabwera amamva njala, ndiye panafunika khitchini. Khitchini inafuna wophika, woperekera, wolima ndiwo, wopanga tchizi, wophika buledi, dalaivala ndi malo ogona. Munda umodzi unayamba kudyetsa mabanja ambiri kuposa kale.

Nzeru imeneyi sifuna mphesa zokha. Ku Thyolo, esiteti ya tiyi ya Satemwa imalandira alendo odzalawa tiyi ndi kudya pakati pa minda. Alimi a khofi a kumapiri a kumpoto, a mpunga wa kilombero ku Karonga, a uchi ndi a zipatso ali ndi zinthu zimene mlendo angakonde kuona zikumera, kumva mbiri yake, n'kuzidya pomwepo. Zofunika ndi kugwirizana alimi angapo, msewu wopitika, ukhondo, mtengo wodziwika, ndi munthu wodziwa kufotokoza. Ndipo tikamatengera nzeruyi, titengere pamodzi ndi chenjezo lake. Malo okongola amene antchito ake akugona ndi njala sanakongole ayi. Wolima, wokolola ndi wotsuka mbale alandire malipiro oyenera, mu ndalama, pa nthawi yake.

Nawa mafunso atatu oti mukambirane kunyumba, kusukulu kapena ku kalabu ya alimi. Loyamba, n'chifukwa chiyani mphesa zimachita bwino kumene mvula imagwa nthawi yozizira? Lachiwiri, kodi mowa umamuchita chiyani mwana amene ali m'mimba, ndipo mudzi ungamuthandize bwanji mayi woyembekezera kuti aupewe? Lachitatu, m'dera lanu muli mbewu kapena chakudya chanji chimene mungaitanire alendo kuti adzadyere pamunda, ndipo phindu lake mungagawane bwanji mwachilungamo? Kambiranani, ndipo mutilembere mayankho anu.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA]